Cubic, live-build kapena MX Snapshot: chopangira Linux ya pa fulashi chomwe chikuyenera kuno ku Mangochi

Okonza makompyuta pa boma ndi oyang'anira malabu a sukulu ku Namwera kapena ku Monkey Bay amafuna fulashi kapena chimbale choti akangolowetsa, kompyuta iyake muli kale LibreOffice, VLC, GParted ndi madalaivala a pulinta, osafunanso intaneti. Zipangizo zitatu zonsezi, Cubic, live-build ndi MX Snapshot, zimatulutsa fayilo ya ISO yotere, kutanthauza Linux yathunthu mufayilo imodzi yoika pa fulashi kapena chimbale. Zimasiyana pa bandulo yomwe zimadya komanso ukalamba wa makompyuta omwe ISO-yo ingayatse.

Cubic ndiyo yosavuta kuyamba nayo. Mumaipatsa ISO ya Ubuntu kapena Linux Mint, iyo nkuimasula, nkukutsegulirani terminal mkati mwake. Mmenemo mumaika mapulogalamu ndi apt, zomwe mukufuna aliyense azipeze mufoda yake nkuziika mu /etc/skel, kenako imamanganso. Koma ISO ya Ubuntu 24.04 payokha ndi pafupifupi 6 GB, pomwe DVD wamba imalowa 4.7 GB basi, ndiye ganizo la chimbale lafera pomwepo. Mapulogalamu a snap salola kuikidwa mu terminal imeneyi chifukwa snapd, pulogalamu yomwe imawaika ndi kuwayendetsa, sikhala ikuyenda mmenemo. Makompyuta a 32-bit, omwe sasowa m'masukulu olandira zida zakale, Ubuntu inawasiya kalekale.

live-build ya Debian ilibe mabatani, zonse nzolemba. Mumayamba ndi lb config, mayina a mapulogalamu nkuwalemba mufayilo yothera ndi .list.chroot mufoda ya config/package-lists, mafayilo anu nkuwaika mu config/includes.chroot, kenako sudo lb build. Ubwino wake ndi woti mulowa zokhazo zomwe mwatchula, choncho ISO imapepuka, ndipo chaka chamawa mumanganso ISO yofanana pogwiritsa ntchito foda yaing'ono yomweyo. Musaiwale kutchula non-free-firmware pa --archive-areas. Gawo limeneli linayamba ndi Debian 12 mu 2023, ndipo mukalisiya, WiFi ya malaputopu ambiri siyaka. Pa makompyuta a 32-bit khalani pa Debian 12, popeza Debian 13 ya mu 2025 ilibenso kernel (mtima wa Linux) yawo.

Pomwe live-build imapweteka ndi pa bandulo. Kumanga koyamba imadawuniloda chilichonse, ndipo nkovuta kuti koyambako zitheke bwinobwino. Zomwe yadawuniloda imasunga mufoda ya cache. Magetsi akathima ntchito ili mkati, lembani sudo lb clean nkuyambanso, cache itsala. Mukalemba lb clean --purge, cache nayo yapita, mugulanso bandulo. Amene amamanga kawirikawiri aike apt-cacher-ng, yomwe imamvera pa port 3142, kuti fayilo imodzi isadawunilodidwe kawiri. Chinanso, musamangire pa hadi diski yakunja ya NTFS kapena FAT32. debootstrap, yomwe live-build imaigwiritsa poika maziko a Debian, ilephera chifukwa madiski otere sasunga zilolezo za mafayilo a Linux. Pafunika ext4 ndi malo okwana 20 GB kuti mupume bwino.

MX Snapshot, yomwe imabwera ndi MX Linux, imatenga njira ina. Mumaika MX pa kompyuta imodzi, kuikonza mpaka mutakhutira, ndiye Snapshot imajambula zonsezo kukhala ISO, popanda intaneti ngakhale pang'ono. Zomwe mwayesa ndi maso anu ndi zomwe zikayake kwina. Samalani pa funso lomwe imafunsa la maakaunti. Mukasankha kuwasunga, mapasiwedi anu, a WiFi ndi za mu Firefox zonse zipita kwa aliyense wolandira fulashiyo. Yogawira ena, sankhani kufufuta maakaunti, ndipo Downloads ndi Videos muzisiye kunja. Kompyuta ya RAM ya 1 GB imapepukidwa ndi antiX, mbale wake wa MX, yomwe ili ndi chojambulira chofanana.

Pa zitatu zonsezi mudzasankha kapanikizidwe ka squashfs, fayilo yopanikizidwa yomwe imasunga Linux yonse mkati mwa ISO. xz imatulutsa fayilo yaing'ono koma imachedwa, pomanga ndiponso poyatsa pa purosesa yofooka. Ntchitoyi imagwiritsa purosesa yonse, ndipo ndi kutentha kwa Okutobala kuno laputopu yodzaza fumbi imazima yokha isanamalize, choncho ipukuteni fani nkumanga usiku. Ngati mukugwiritsa fulashi, zstd kapena lz4 ndi zabwinoko. Musanaotche chimbale, yesani ISO kawiri mu VirtualBox, pulogalamu yoyerekeza kompyuta ina mkati mwa yanu, ndi BIOS komanso ndi EFI, njira ziwiri zomwe makompyuta amayakira. Fulashi yokonzedwa ndi pulogalamu ya Ventoy imakulolani kungokoperapo ISO ngati fayilo wamba, pomwe FAT32 imakana fayilo yoposa 4 GB.

Kwa mphunzitsi kapena wokonza makompyuta wofuna fulashi imodzi yodalirika ndi bandulo yochepa, ife tikuti MX Snapshot. Amene akusamalira malabu angapo ndipo azimanganso teremu iliyonse, apirire aphunzire live-build. Cubic itengeni pokhapokha ngati pulogalamu yomwe mukufuna imayenda pa Ubuntu yokha, ndipo makompyuta ake ali ndi RAM ya 4 GB kupita mtsogolo.