FLAC kapena MP3 pomvera nyimbo za vayolini ndi piyano

Nyimbo ngati Spiegel im Spiegel, imene Arvo Pärt anapeka mu 1978, kukoma kwake kwagona pa mmene mawu a piyano amaziralira pang'onopang'ono pamene vayolini ikukoka liwu lalitali, ndipo apa m'pamene mtundu wa fayilo umadziwikira.

FLAC ndi MP3 ndi mitundu iwiri ya mafayilo osungira nyimbo. FLAC imasunga zonse zimene zinajambulidwa, pomwe MP3 imataya mawu ena amene khutu silimva msanga.

FLAC imadya malo ambiri komanso data, pomwe MP3 ya 320 kbps (kbps ndi muyeso wa kuchuluka kwa data pa sekondi iliyonse ya nyimbo) imangofuna pafupifupi 2.4 MB pa mphindi. Koma ya 128 kbps sindingailimbikitse, chifukwa imachotsa kuwala kwa mawu okwera a vayolini.

Amene ali ndi mahedifoni abwino ndiponso chipinda chabata asankhe FLAC. Womvera pafoni ali m'basi, MP3 ya 320 kbps imukwanira, poti phokoso la injini limameza kusiyanako.