Kulera kwa pamkono ndi lupu ku Harare: kuika amaika bwino, vuto limabwera pambuyo

Pa kaikidwe sitingadandaule kwenikweni. Kaya mwapita ku kiliniki ya khonsolo ku Mbare kapena ku Highfield, kaya ku Spilhaus, kiliniki ya ZNFPC (bungwe loona za kulera ku Zimbabwe) pabwalo la chipatala cha Sally Mugabe, ntchito yake ndi ya mphindi zochepa. Asisita amabaya mankhwala ochititsa dzanzi mkati mwa mkono, n'kulowetsa timitengo pansi pa khungu. Jadelle ndi timitengo tiwiri, zaka 5. Implanon ndi kamodzi, zaka 3. Lupu ya kopa imakhala zaka 10. Bala la pamkono lisanyowe masiku 4, ndipo ngati mwaikitsa timitengo patapita masiku opitirira 5 chiyambireni kusamba, gwiritsani kondomu sabata yoyamba.

Pomwe chithandizochi chimapelewera ndi pa zimene mtsikana amauzidwa asanatuluke. Mzere ukakhala wautali, nkhani ya kusamba imangodutsidwa, chonsecho ndiyo imachotsetsa atsikana ambiri njira ya pamkono nthawi isanakwane. M'chaka choyamba msambo umasokonekera: ena amangodontheza masabata angapo, ena amasamba nthawi yosayembekezeka, ena amasiyiratu. Amene sanachenjezedwe amakafunsa azakhali kunyumba, ndipo kumeneko amamva zoti magazi akuunjikana m'mimba kapena sadzaberekanso. Si zoona. Mankhwalawa amachititsa kuti khungu la mkati mwa chiberekero likhale lopyapyala, ndiye palibe choti chiunjikane, ndipo timitengo tikangochotsedwa munthu angathe kutenga pakati mwezi womwewo.

Kudontheza kuli ndi mankhwala ake, ndipo awa ndi amene muyenera kufunsa mukabwerera. Asisita angapereke ibuprofen wa 800 mg katatu patsiku mutadya, kwa masiku 5, kapena mapiritsi olerera a Control, omwe ali ndi homoni ya estrogen, kwa masiku 21 ngati thupi lanu likuloleza. Mapiritsi olerera a Secure sathandiza pamenepa, chifukwa alibe estrogen. Mukangouzidwa kuti “zidzasiya zokha” popanda kufunsidwa kuti zayamba liti komanso magazi ndi ochuluka bwanji, dziwani kuti sanakuthandizeni mokwanira. Magazi akachuluka kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi nthawi zonse, kapena akapitirira masiku 8, mufunika kukapimidwa.

Funso lina lomwe limaiwalika ndi la mankhwala ena. Rifampicin wa TB ndi efavirenz wa HIV amafooketsa njira ya pamkono, moti mimba ingalowe timitengo tili pomwepo. Ma ARV a mtundu wotchedwa TLD alibe vuto limeneli. Nenani nokha mankhwala amene mukumwa ngakhale musanafunsidwe, ndipo mukayamba mankhwala a TB timitengo tili kale m'mkono, bwererani.

A lupu amayenera kuonedwanso akatha kusamba koyamba, kapena pakati pa masabata 3 ndi 6, popeza lupu ikafuna kutuluka imatero m'miyezi yoyambirira. Kupweteka m'chinena, kutentha thupi ndi chikazi chonunkha si zodikirira tsiku la pakhadi.

Kuchotsa ndiko kumafuna kukonzekera. Amene anaikidwa ndi gulu loyendayenda, monga limafikira ku Epworth kapena Hopley, nthawi zambiri sadziwa kopita gululo likachoka, ndipo si asisita onse anaphunzira kuchotsa timitengo tolowa kwambiri. Funsani tsiku loika lomwelo kuti amachotsa kuti, tsiku liti, ndalama zingati. Ufulu wochotsa ndi wanu nthawi ina iliyonse, ngakhale zaka zisanakwane.

Khadi limene amalembapo mtundu wake ndi tsiku loika lijambuleni pafoni, chifukwa anthu a lendi timasamukasamuka ndipo mapepala amasowa. Popanda khadi, asisita amachita kupapasa mkono kuti adziwe ngati ndi kamodzi kapena tiwiri, koma chaka choika sangachidziwe.