Chithunzi cha gombe la Chembe: dzanja lilipo, koma felemu ndiyo yamugwetsa

Chithunzichi n'chojambula pamanja ndi penti wa acrylic pa kanivasi (nsalu yolimba yojambulapo) ya masentimita 90 m'litali ndi 60 m'lifupi. Chikuonetsa dzuwa likulowa ku Chembe (mudzi wa ku Cape Maclear, m'mbali mwa nyanja ya Malawi), chilumba cha Thumbi chili patsidya, mabwato awiri pamchenga, mlambe kumanzere. Chakhala pakhoma kuno ku Mangochi kuyambira Julaye mpaka Malichi, choncho chaona mwera, chilimwe ndi dzinja.

Wojambulayu nyanja amaidziwa. Madzi sanangowapaka buluu mmodzi monga amachitira ambiri ogulitsa kwa alendo. Kugombe ndi obiriwira, mchenga ukuonekera pansi, kenaka akunka nada mpaka pakuya. Mlambe wayoyola masamba ndipo udzu wa m'phiri wauma, zomwe zikugwirizana (ena amajambula mlambe wopanda tsamba pakati pa msipu wa dzinja). Nkhwazi yokha ndiyo yakula mopyola, yatsala pang'ono kufanana ndi bwato.

Mukachitembenuza m'pamene pali nkhani. Felemu ndi ya paini wosauma, wopyapyala, wopanda thabwa lopingasa pakati. Kutentha kwa Okutobala kunaumitsa matabwawo mofulumira, anapindika, ngodya imodzi n'kunyamuka kukhoma. Mvula itayamba kanivasi inakhwefuka, chifukwa misomali anaikhoma motalikirana masentimita 15 pamene pamafunika asanu, ndipo ina yachita dzimbiri n'kuthimbiriritsa m'mphepete. Vanishi sanapake konse. Acrylic amafewa kukatentha, ndiye fumbi lakakamira pamtambo, pomwe penti ndi woyera.

Ngati mukugula chithunzi chotere, pemphani akuchotsereni pafelemu. Pokulunga, penti ayang'ane kunja, pa paipi yonenepa masentimita 10. Mukapindira mkati amasweka. Kalipentala akupangireni felemu ya matabwa ouma yokhala ndi chopingasa. Pakani vanishi wa acrylic kawiri, mopyapyala, woyambayo atauma kaye tsiku lathunthu. Wa matabwa ayi, amasanduka wachikasu ndipo madzi a nyanja aja amaoneka ngati a m'dambo.

Popachika siyani mpata wa chala kukhoma kuti mphepo izidutsa, apo ayi kumbuyo kuchita nguwi. Fumbi muzichotsa ndi bulashi yofewa, youma, osati kansalu konyowa.

Nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ziwiri zapita ndi felemu ndi vanishi.