Ndemanga: The Great Indian Kitchen, filimu ya ku Kerala yoyenera bandulo yake

Ndaipatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Ndinalipira pa intaneti kuti ndionere filimuyi, ndipo ndalama yanga sinapite pachabe. Koma amene mukuyembekezera magule ndi ndewu zouluka m'malere monga za mafilimu a Chihindi amene tinazolowera, dziwiranitu kuti muno mulibe. Iyi ndi ya m'chinenero cha Malayalam, cha ku Kerala, kummwera chakumadzulo kwa India. Inatuluka mu Januwale 2021, anaikonza ndi Jeo Baby, ndipo Nimisha Sajayan ndi Suraj Venjaramoodu ndiwo akusewera ngati mkazi ndi mwamuna wake. Awiriwa sanapatsidwe mayina m'nkhaniyi.

Mtsikana wodziwa kuvina wakwatiwa ndi mphunzitsi, wapita kukakhala kwa apongozi. Palibe amene akumumenya kapena kumutukwana. Apongozi aamuna amalankhula mofatsa, akumwetulira. Amangopempha kuti mpunga uphikidwe pa nkhuni, zokometsera ziperedwe pa mphero osati m'makina, zovala zawo zichapidwe pamanja ngakhale makina ochapira alipo. Akazi awo amawabweretsera mswachi ndi nsapato pamene akhalapo. Mtsikanayo atafuna kufunsira ntchito yophunzitsa magule, akumuletsa ndi ulemu womwewo.

Chimene chinandigwira mtima ndi pamene kamera imakhalitsa. Imaonetsa manja akudula ndiwo, mafuta akuwira, mbale zikutsukidwa, kenako mawa lake zomwezo. Amuna akatha kudya amasiya zotafunatafuna za cham'mwamba pa tebulo penipenipo, mkazi n'kumazitola ndi manja asanakhale pansi kuti adye. Tsiku lina ali ku lesitilanti, mkaziyo akuona kuti mwamuna wake akuika zotsalazo bwinobwino, ndipo atangomuuza kuti kunja amadya mwaulemu, bamboyo akukwiya mpaka kufuna kupepesedwa. Ndiyeno pali paipi ya pansi pa sinki imene ikudontha. Mkazi akunena kangapo kuti aitane wokonza, mwamuna akungoti aona. Madzi onyansa akudikha mu ndowa tsiku ndi tsiku, moti woonera umayamba kumva fungo lake.

Zonsezi zikuchitika ku Kerala, chigawo chimene chimatchuka ndi maphunziro. Kalembera wa 2011 anapeza kuti anthu pafupifupi 94 mwa 100 alionse kumeneko amadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo akazi sanatsalire patali. Filimuyi ikufunsa anthu akwawo kuti sukulu yonseyo yasintha chiyani ku khitchini, ndipo ikufunsa mosanyengerera. Mwamunayu m'kalasi amaphunzitsa za banja, koma kunyumba sadziwa n'komwe pamene pamakhala chotsukira mbale.

Gawo lachiwiri likulowa m'zachipembedzo. Amuna a m'nyumbamo akuyamba kudzisunga pokonzekera ulendo wa ku kachisi wa Chihindu wa Sabarimala, ndipo mkazi akakhala kumwezi amamutsekera m'kachipinda, osaloledwa kukhudza chakudya kapena kuonekera pamaso pawo. Nkhaniyi inali yotentha ku Kerala nthawi imeneyo, chifukwa mu Sepitembala 2018 khoti lalikulu la India linagamula kuti akazi a zaka 10 mpaka 50 asaletsedwenso kulowa m'kachisiyu, ndipo anthu ambiri anachita zionetsero zokana chigamulocho. Apa ndinakumbukira za kwathu kuno, pamene mayi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo poopa mdulo. Sindikunena kuti miyambo iwiriyi ndi yofanana, koma mayi wa ku Malawi adzamva msanga chimene chikumupweteka mtsikanayu.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Mawu omasulira a Chingerezi olembedwa m'munsi anali ang'ono kwambiri pa foni, ndipo mawu ena a zakudya ndi a mapemphero sanawamasulire, choncho amene simudziwa za Sabarimala muyambe mwawerengako pang'ono. Komanso amuna a m'banjamo onse ali mbali imodzi, ndipo ndikanakonda kuona mmodzi yekha akuvutika mumtima ndi zimene akuona. Za kuchedwa kwa theka loyamba ine sindidandaula, chifukwa kubwerezabwereza kumeneko ndiko kumakutopetsa pamodzi ndi mkaziyo. Boma la Kerala linaipatsa mphotho ya filimu yopambana, ndipo yakonzedwanso m'Chitamil ndi m'Chihindi, koma yambani ndi ya Malayalam.

Ndi yotalika pafupifupi mphindi 100. Valani mahedifoni kapena kwezani mawu, popeza nyimbo n'zochepa ndipo phokoso la mpeni, madzi ndi miphika ndilo likunyamula nkhani. Muli zochitika za kuchipinda, choncho ana ayambe agona. Amene muli pabanja, muonere limodzi.