Ndemanga: power sequencer ya zokuzira mawu poyatsira makina okoka utuchi

Power sequencer ndi bokosi lopyapyala la mainchesi 19 m'lifupi limene oyendetsa zokuzira mawu amaliika pamodzi ndi ma amplifaya, ndipo ntchito yake ndi kupereka magetsi ku masoketi ake motsatizana, osati onse nthawi imodzi. Likayaka limayamba ndi mikisa (chosakanizira mawu) n'kumalizira amplifaya, ndipo pozima limayambira kumapeto, kuti masipika asagunde mwamphamvu. Langa ndinaligulira nyimbo, koma tsopano lili m'chipinda chimene ndimapaliramo matabwa kunyumba, ndipo ndikulemba za mmene likugwirira ntchito imene silinapangidwire.

Makina okoka utuchi ndinawalumikiza ku soketi yoyamba, ndipo macheka a patebulo ali ku soketi yomaliza. Kumbuyo kwa bokosili kuli timalo tiwiri tolumikizira swichi yakutali, choncho ndinamangapo swichi yopondera ya gitala, ya mtundu umene ukaponda kamodzi imakhala choyaka mpaka utapondanso, n'kuiika pansi pafupi ndi mwendo wa tebulo. Ndikaponda, makina okoka amayamba kulira, ndipo pakadutsa masekondi angapo m'pamene macheka amalandira magetsi. Zotsatira zake n'zakuti n'kosatheka kucheka thabwa makina okoka asanayambe, ngakhale ndili pachangu kapena ndikungofuna kudula kachidutswa kamodzi, kamene nthawi zambiri munthu amati sikafunika kuyatsira makina. Komanso mamota awiriwa sayambira limodzi, motero magetsi a m'chipindamo anasiya kuzima okha poyatsa.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi kazimidwe kake. Ndikapondanso swichi ija, magetsi a macheka ndiwo amayamba kuduka, makina okoka amapitirizabe kwa kanthawi, ndipo popeza paipi yanga ndi yoonekera mkati, ndimaona utuchi wotsala m'makwinya ake ukusuntha mpaka kugwera mu ndowa. Kale utuchiwo unkakhazikika pokhotera paipi, n'kumaunjikana mpaka mpweya kuchepa mphamvu. Pa paipi yaifupi nthawi imeneyi ndi yokwanira, koma pa paipi yaitali yokhala ndi zokhota zambiri ndikanakonda ikanatalikirapo, ndipo bokosi langa silikulola kuiwonjezera kufika pamene ndikufuna.

Vuto lalikulu lili pa mphamvu, ndipo aliyense woganiza zotengera njira imeneyi awerengetsere bwino asanalumikize kanthu. Pa bokosi langa palembedwa 16 amps, imene pa magetsi a 230 volts ndi 3,680 watts, ndipo nambalayi ndi ya masoketi onse pamodzi. Macheka a 1,800 watts ndi makina okoka a 1,200 watts akudya kale 3,000 watts, motero malo otsala ndi ochepa. Kuwonjezera apo, mota ya mtundu wa induction, imene imakhala m'makina aakulu okoka fumbi, imakoka magetsi ochuluka kasanu mpaka kasanu ndi kawiri poyamba kuzungulira poyerekeza ndi pamene yakhazikika. Ma relay (timaswichi toyendera magetsi) aang'ono a m'kati mwa bokosili akamalandira katundu wotere tsiku ndi tsiku amapsa pokhudzanira pake, ndipo akhoza kumatirira osazimanso. Nditagula makina okoka okulirapo, katswiri wa zamagetsi anandiikira contactor, swichi yoyendera magetsi yopirira katundu wamkulu, kotero kuti bokosili limangotumiza magetsi ochepa oyatsira contactor, ndipo mota imatenga mphamvu yake mwachindunji. Ndikuona kuti iyi ndiyo njira yokhayo yoyenera kwa mota yaikulu.

Macheka ndimawayatsa ndi kuwazimitsa pa batani lake lomwe, la mtundu umene magetsi akaduka sililola makina kudzukanso okha. Swichi yopondera si yoimitsira macheka pangozi, chifukwa bokosili limatsata dongosolo lake ndipo silinapangidwire kuteteza zala za munthu. Macheka opanda batani lotere sindikadawalumikiza kuno, popeza akhoza kuyamba kuzungulira dzanja lili pa mano.

Bokosili lilinso ndi timipata tolowetsa mpweya, ndipo fumbi losalala la MDF (matabwa opangidwa ndi ulusi wa mitengo wopanikizidwa) linkalowa n'kukhala pa mawaya a m'kati, ngakhalenso kuphimba kagalasi koonetsa mphamvu ya magetsi. Ndinalisamutsira m'kabati yotseka kutali ndi macheka, n'kusiya mpata woti lisatenthe. Zosefera magetsi zimene zili m'kati, zothandiza kuti masipika asamachite phokoso, sizipindulitsa mota m'pang'ono pomwe.

Ndiyeneranso kunena kuti bokosili limangothandiza kuti makina okoka aziyaka pa nthawi yake, koma silichotsa fumbi limene maso saona. Bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 1995, n'chifukwa chake ndinaika sefa ya HEPA, imene imagwira 99.97 peresenti ya tizidutswa ta 0.3 micron, ndipo pokwecha ndi sandipepala ndimavalabe chotchinga pamphuno. Amene ali kale ndi power sequencer imene ikungokhala, ndipo makina ake okoka ndi aang'ono kapena ali ndi contactor, aigwiritse ntchito ndithu. Amene alibe, ndi bwino agule swichi yopangidwira amisiri a matabwa, imene imazindikira yokha kuti macheka ayamba kudya magetsi n'kuyatsa makina okoka popanda kuponda kanthu.