Isoflurane ndi mtima wa wodwala: zimene ndaona patapita miyezi

Papita miyezi chisiyireni halothane m'chipinda chathu cha opaleshoni n'kuyamba kugonetsa odwala ndi isoflurane, ndipo anzanga amandifunsa kawirikawiri ngati n'zoona kuti mankhwala opumirawa amateteza mtima pamene magazi sakufika mokwanira m'minofu yake.

Ganizoli lili ndi maziko. Mu 1986, Murry, Jennings ndi Reimer anaonetsa pa agalu kuti mtima umene watsekeredwa magazi kwa mphindi 5 maulendo anayi suwonongeka kwambiri ukadzatsekeredwa kwa mphindi 40. Mu 1997, Kersten ndi anzake anapeza kuti isoflurane amachitanso chimodzimodzi popanda kutseka mtsempha uliwonse. Akatswiri amafotokoza kuti mankhwalawa amatsegula timipata ta potaziyamu totchedwa KATP m'mitokondiriya (tizigawo topanga mphamvu) ta maselo a mtima, ndipo kashiamu sadzadza kwambiri m'maselowo magazi akabwerera. Glibenclamide, amene odwala shuga ambiri kwathu kuno amamwa, amatseka timipata tomweti, ndipo pa zinyama anachotsa chitetezocho. Shuga wokwera m'magazi amachifooketsanso.

Pa anthu nkhaniyi siyenda bwino chotero. Kafukufuku wa De Hert wa 2002 anapeza troponin (chizindikiro cha m'magazi chosonyeza kuwonongeka kwa mtima) wochepa mwa odwala amene anagonetsedwa ndi sevoflurane, mankhwala ena opumira, pa opaleshoni ya mitsempha ya mtima, koma kafukufuku wamkulu wa MYRIAD, wofalitsidwa mu 2019, wa odwala 5,400, anasonyeza kuti pakutha pa chaka amene anamwalira anali 2.8 peresenti pa ogonetsedwa ndi mankhwala opumira ndi 3.0 peresenti pa ogonetsedwa ndi a mumtsempha, kusiyana kosadalirika.

Chimene ndingachitire umboni ndi chakuti mtima umagunda mwadongosolo kuposa kale. Ndi halothane, dokotala wa opaleshoni akabaya adrenaline pabala kuti magazi asatuluke kwambiri, maso anga sankachoka pa monita chifukwa kugunda kosokonekera kunkabwera msanga. Masiku ano zimenezi ndimaziona mwa apo ndi apo. Odwala amadzukanso mofulumira. Vuto lake ndi lakuti isoflurane amakulitsa mitsempha ya magazi, choncho kwa okalamba ndi amene ataya magazi BP imatsika ndikangowonjezera pang'ono pa vaporizer (kachipangizo kotulutsa mankhwala opumirawa), mtima n'kuyamba kuthamanga, zomwe ndi zoopsa kwa munthu wa mitsempha ya mtima yopanikizika. Fungo lake limatsokomoletsa ana, motero kuwagonetsa ndi masiki kunali kosavuta ndi halothane.

Ndipitiriza kugwiritsa ntchito isoflurane, ndipo kwa wodwala mtima ndimasankha iyeyu m'malo mwa halothane mosakayika. Komabe sindimuwerengera ngati mankhwala oteteza mtima: kwa wodwala wotere ndimayeza shuga tisanayambe, ndimakonzeratu magazi ndi ephedrine (mankhwala okweza BP), ndipo vaporizer ndimaitsegula pang'onopang'ono ndikuyang'ana BP.