Chitoliro cha tin whistle cha B-flat chimene ndachikonda

Mwa zitoliro za tin whistle, zomwe ndi zitoliro zazing'ono zouzira kumutu, cha kiyi ya B-flat chimandisangalatsa chifukwa mawu ake ndi otsikirapo ndiponso ofatsa kuposa a chitoliro cha kiyi ya D, chimene oimba nyimbo za ku Ireland amachigwiritsa ntchito kwambiri. Ndi chachitali pang'ono ndipo mabowo ake 6 ndi otalikirana, komabe zala za munthu wamkulu zimafikapo popanda vuto.

Nditayerekeza zitoliro za B-flat za makampani awiri, Generation ndi Susato, ndasankha cha Generation, chopangidwa ku England, makamaka chamkuwa cha mutu wofiira. Cha mutu wabuluu n'chokutidwa ndi nikelo, ndipo chimaterera m'zala zikachita thukuta. Mawu apansi a chamkuwachi amamveka odzaza bwino, apamwamba salasa m'khutu, ndipo sichifuna mpweya wambiri, moti munthu amatha kuimba mzere wautali wa nyimbo yodekha asanapume. Chofooka chake n'chakuti zitolirozi sizituluka zofanana kufakitale, kotero zina zimalira mosasa, ndipo ndi bwino kuyesa zingapo ngati wogulitsa alola. Mutu wake wapulasitiki amaumata ndi guluu, koma ukaviikidwa m'madzi ofunda umamasuka, kenako umatha kusunthidwa kuti mawu agwirizane ndi zida zina.

Cha Susato, chomwe ndi chapulasitiki chonse, chili ndi mawu olondola komanso amphamvu oyenera pagulu, koma m'chipinda chaching'ono chimasokosa, ndipo mawu apamwamba amafuna kuuzira mwamphamvu kuposa mmene ine ndimafunira.